Kutsika pa Yachisanu ndi Chinayi

Lamlungu, 4 Ogasiti
Tikiti ya sitima yapansi yakweranso. Pawailesi akuti boma latopa kutithirirapo ndalama. Latopa ilo. Nanga ife opuma pantchito? Masiteshoni asanu ndi anayi mtengo wake, ukapitirira pamenepo wina. Chipatala cha maso chili pa yachikhumi. Ndauza mkazi wanga Nagat kuti tizitsika imodzi isanakwane, kotsalako wapansi. Wangoti, "Ikudwala si miyendo, bambo a Hoda."

Lachiwiri, 6 Ogasiti
Minibasi zadula kuposa sitima, ndiye Cairo yense watsikira pansi. Thukuta, zigongono, mpweya wa anyezi. Nagat amupondaponda, botolo la mankhwala phwaa. Kuyambira tsopano azikwera bogi ya amayi, ine yoyandikana nayo. Mwamuna salowamo. Mtima sukundikhala.

Lamlungu, 11 Ogasiti
Zayenda. Akuti diso lamanzere likuwerengabe mayina a masiteshoni. Titatsika anati, "Ndakudziwirani dazi, likuwala kuposa getsi." Taseka. Nyemba ndi buledi choimirira, kenako ulendo padzuwa.

Lamlungu, 25 Ogasiti
Dokotala anamuitana yekha. Potuluka, "Akuti zili bwino." Masana sanadye. Mwana wathu Hoda pafoni: "Atate, lipirani mpaka pachipatala, ndi mapaundi awiri okha." Okha! Ndamukalipira. Penshoni amaidziwa iyeyo?

Lachiwiri, 27 Ogasiti
Pa siteshoni yathu anthu anakhamukira mkati ndisanatuluke. Ndinakankha, ndinachonderera. Wina n'kumati, "Agogo, mukanayamba kutsika dzulo." Chitseko chinatseka.

Ndinamuona pagalasi. Ataima, nkhope kukhoma, dzanja m'malere, akumwetulira chipilala ngati ndine. Sakuona. Sakuona chilichonse. Kuyambira liti? Ndiye masiku onsewa amangowerenga kutseguka kwa zitseko?

Ndinabwerera ndi sitima ina, mawondo lendelende. Ndinamupeza pomwepo, mayi wogulitsa masokosi atamugwira mkono. Mayiyo anandilasa ndi diso: "Munthu wotere mumamusiya yekha, bambo?" Ndinalibe poyankha.

Nagat anandipapasa kumaso, anati, "Musakwiye. Ndikananena mukanayamba za takisi, ndiye tikanadya chiyani?"

Manyazi andigwira, sindikudziwa kuti ndiwaike pati. Ndinamugwira dzanja. Pamasitepe ndinayamba kumuwerengera mokweza, imodzi, ziwiri, pachitatu mawu anakana.