Chidole m'malo mwa Akulu

Lolemba, 6 Meyi

Akulu sanabwere kuntchito. Anagwa kubafa Loweruka. Sitiroko. Yagwira dzanja lamanja ndi pakamwa. Andiuza ndi akazi awo pafoni, mawu ali ziii ngati akuwerenga nkhani ya munthu wina.

Mpando wawo uli pomwepo, juzi pamsana pake, kapu yosatsuka. Ntchito yonseyi anandiphunzitsa ndi iwowa. Lero ndangokhalira kuyang'ana sikirini.

Lachitatu, 8 Meyi

Pulogalamu ya pakompyuta yoyang'anira mafiriji a mankhwala imene tikulemba yaima. Gawo langa limaliza alamu firiji ikatentha. La Akulu ndi lolankhula ndi makina a m'firijimo n'kuuza langa kutentha kwake. Lawolo silinathe. Theka pakompyuta, theka m'mutu mwawo. Popanda ilo mayeso onse oyesera gawo langa akulephera, onse ofiira pasikirini.

Abwana akuti kasitomala sadikira wodwala. "Lemba moki, mayeso ayende." Moki, chidole choima m'malo mwa gawo la Akulu. Ndikachifunsa kutentha, chiziyankha zimene ndachiuza ndekha. Ndavomera. Nanga ndikanatani.

Lachisanu, 10 Meyi

Chidole chatha. Ndachilemba mosamala kuti Akulu akabwera asandiseke. Chimadziwa kunena kuti firiji yazizira, yatentha, yazima, waya waduka. Ngakhale khalidwe lawo lija, loti makina akachedwa kuyankha gawo lawo lizinena kuti "sindikudziwa" m'malo mongopeka nambala, ndaliikamo.

Mayeso onse akuyenda, onse obiriwira. Ndinasangalala, ndisaname. Mpaka kugula keke pobwerera kunyumba.

Lachiwiri, 14 Meyi

Kuchipatala. Fungo la mankhwala okolopera pansi. Ndapeza Akulu ali m'tulo, aoneka ochepa pabedipo. Akazi awo maso ofiira, akupinda ndi kutambasula kansalu m'manja. Akuti zonse zikulipiridwa ndi inshuwalansi ya kuntchito. Ntchito ikatha, nayonso yatha. Ndinawauza kuti asadandaule, popanda Akulu sitingapite patali. Ndinkakhulupirira zimenezo ponena.

Lachinayi, 16 Meyi

Abwana andiyamikira pamaso pa onse. "Moki yako yafotokoza zonse. Aliyense wodziwa kulemba mapulogalamu angaiwerenge n'kulemba gawo la Akulu." Munthu wa ganyu amupeza kale.

Ndinayesa kuwatsutsa. Ndinati chidole chimangobwereza mawu anga, makina enieni ali ndi misala yawo imene amaidziwa ndi Akulu okha. Ndinati mayeso anga amayesa gawo langa lokha, zolakwa za munthu watsopanoyo sangazione. Abwana n'kuti atayamba kale kuyang'ana foni.

Ndikanalemba chidole chopusa, bwenzi tikuwadikirabe. Dzenje ndawakumbira ndi manja angawa, n'kulisalaza bwinobwino.

Lolemba, 20 Meyi

Wa ganyu wayamba. Munthu waulemu, wofatsa, ndiye ndikusowa pomudera. Juzi ya Akulu waipinda bwino n'kundipatsa ndi manja awiri. Akuti sanaonepo moki yomveka chonchi. Ndikanakonda akanandinyoza.

Masana ndinaganiza zochiwononga chidolecho, mayeso afiirenso. Zopanda pake. Zonse zasungidwa kale pa seva, kompyuta yaikulu ya kuntchito, aliyense angazibweze. Komanso mankhwala a m'mafirijiwo akuwadikira ndi ana a anthu. Ndatseka kompyuta osakhudza kanthu.

Amayi a ku ofesi yolemba anthu ntchito andinong'oneza pamasitepe. Akulu awachotsa ntchito mwezi uno ukatha.

Juzi ili m'chikwama changa, sindikudziwa kuti ndiipereke bwanji.

Lachitatu, 22 Meyi

Akulu adzuka, akutha kukhala tsonga. Akazi awo anandigwira mkono pakhonde ndisanalowe. "Achemwali, chimene chikuwadzutsa m'mawa n'choti kuntchito mukuwadikira." Zoti amuna awo achotsedwa ntchito sakudziwa.

Nditalowa, Akulu anandiyang'anitsitsa. Mawu okoka, ovuta kumva. "Mayeso?"

Ndinati ofiira onse, Akulu, taima, palibe chikuyenda.

Anaseka ndi theka la nkhope. Akuti ankadziwa. Akuti ndisade nkhawa, mutu ukadali wabwino, lakana ndi dzanja lokha. Mawa ndibwere ndi laputopu, iwo azinena, ine ndizilemba.

Ndati chabwino.