Nyanga pa mzere wa malemu

Aphungu,

Ine sukulu sindinaiponde, zonse za m'mutu mwangamu zinalowera kukhutu. Akundilembera pano ndi atelala oyandikana nafe, ndiye mukaona mawu achuluka musawadzudzule, wolongolola ndine.

Mwana wanga, amene anzake ankamutcha Mawaya, anatisiya chaka chatha. Anali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba komwe ankapanga timabolodi ta m'makina, tobiriwira tija tokhala ndi tinjira tamkuwa. Mkazi wake ndiye ankawotcherera, chifukwa mwana wangayo chiyambireni kudwala dzanja lamanja linkanjenjemera. Mawu amenewo muwasunge.

Mpongozi wangayu anapitiriza ntchito. M'chipindamo muli makina okhala ndi galasi, amati sikopu. Ukakhudza bolodi ndi kandodo kake, pagalasipo pamabwera mzere woonetsa mmene magetsi akuyendera. Nthawi ya malemu mzerewo unkakwera, kuyenda chathyathyathya, n'kutsika, ngati masitepe. Ndinkaonera nditatsamira chitseko, ndikudziwa. Lero ukakwera umapitirira, kumera kanyanga pamwamba, kenako kunjenjemera, kunjenjemera, mpaka kudekha. Aphungu, kunjenjemera kwake ndi komwe kuja kwa dzanja la mwana wanga akamanyamula kapu.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo mpongoziyo anandiitana: "Bambo, tadzaonani izi." Pakandodo paja pamalendewera kawaya kokhala ndi kukamwa ngati kwa ng'ona. Atakatambasula, nyanga inakula. Atakapinda, inasintha. Ndinati, "Amayi, chikukuyankhanitu ichi." Anaseka, koma kuseka kwa m'mano. Nthawi yomweyo mpando wa malemu, wopanda munthu, unalira kuti kwiii. Tinatuluka tonse, chitseko osatseka.

Tsono pali mlongo wanga. Pokonza zovala za malemu anapeza m'thumba la malaya kachitsulo kopotana ngati mchira wa nkhumba, kochepa ngati chikhadabo. Anati n'chithumwa, n'kukaponya kudzala. Lero akuti, "Achimwene, mwana wanu akufuna kanthu kake, ndipo sakufuna mkazi pampando pake. Chipindacho chikhomedwe, mayiyo azipita kwawo." Abale ambiri ali mbali yake, akubwera Lamlungu. Eni mabolodi nawonso akana kulandira, ati nyanga yotere imapha tizipangizo. Mpongozi wanga dzulo ndinamuona akukulunga mbale zake m'nyuzipepala.

Nthano za mizukwa ndasimba zambirimbiri, ana mpaka kubisala kunsi kwa tebulo, koma zonsezo ndinkadziwa pothera. Iyi sindikudziwa. Ndimuteteze mayiyu, kapena ndikhala ndikulimbana ndi mwana wanga yemwe?

S.M.K., kuseri kwa msika

Bambo S.M.K.,

Pepani ndi zovutazi. Kalata yanu ndinapita nayo kwa katswiri wa zamagetsi, mayi amene wamerera imvi pa sikopu. Atafika pa mchira wa nkhumba anaika pepala pansi n'kuti, "Kalanga ine, ataya sipuling'i!"

Mlongo wanu walondola chimodzi: kutayika kwa kachitsuloko n'kumene kwakuza nyanga. Koma si chithumwa. M'mabolodi othamanga otere magetsi amadumpha kuchoka pansi kufika pamwamba msanga kuposa kuphethira. Tathamangani ndi ndowa yodzaza n'kuima mwadzidzidzi: madzi amapitirira, kubwerera, kukhavuka uku ndi uku, kenako n'kudekha. Nyanga ija ndi kunjenjemera kuja n'zimenezo. Tsono kawaya kakatali ka kukamwa kwa ng'ona kamawonjezera kukhavuka kwakekwake, sikopu n'kuonetsa nyanga yoposa imene ili m'bolodi. N'chifukwa chake imasintha mukakagwedeza. Mwana wanu ankavula kawayako n'kuveka kasipuling'i kunsonga ya kandodo kuti njira ifupike. M'thumba ankakasungira chifukwa sikachedwa kusowa.

Mpongozi wanu agule kena, kapena apote yekha kawaya kolimba kunsongako, kafupi zedi. Ayambe wayesa kandodoko pa kachitsulo koyesera kamene kali pa sikopu pomwepo, akonze mpaka masitepe awongoke. Kenako akhudze pamwendo penipeni pa kachipangizo kolandira magetsiwo, sipuling'iyo itagunda kanjira kobwerera magetsi, amati gilaundi, ka pafupi pomwepo, osati ka kutali. Akazolowera, adzabwereze Lamlungu abale akuona, mlongo wanu ali kutsogolo: choyamba ndi waya wautali, kenako ndi sipuling'i. Maso adzaweruza okha.

Koma ndikuchenjezeni. Nyanga ikatsalabe yaitali, imeneyo ndi yeniyeni, ndipo eni mabolodi sakunama: imadya tizipangizo pang'onopang'ono. Asaibise. Kawirikawiri karezisita, kachipangizo kakang'ono kochepetsa mphamvu ya magetsi, kakaikidwa pafupi ndi potulukira magetsiwo kamaifupikitsa, koma kukula kwake afunse odziwa, asangolota. Ndipo nyanga ithe, isathe, mayi wamasiye sapirikitsidwa chifukwa cha mzere wa pagalasi. Bambo wa pakhomopo ndinu. Lamlungu muime pachitseko paja munkatsamira.

Za mpando ndinafunsanso. Katswiri uja anati za mipando sadziwa. Ine ndingoti, ngati alipo amene amakhalapo, watha miyezi yonseyi akuona mkazi wake akuyeza ndi waya wolakwika, iye osatha kulankhula. Mpatseni sipuling'i mpongoziyo, mumvetsere ngati mpandowo uliranso.