Mpando Wotsala pa Ndege ya ku Halifax

Goose Bay, Labrador
Lachisanu, 20 Febuluwale 2009

Okondedwa mng'ono wanga Corinne,

Ndikukhulupirira kuti uli bwino ndipo diresi la ukwati lakukwana, ngakhale sunasiye kudya makeke. Ndikulemba ndili pabwalo la ndege, pepala lili pabondo, mathirakitala akukokolola chipale chofewa pamsewu wa ndege. Uwerenge mpaka kumapeto usanang'ambe, ndimakudziwa iwe.

Unandichenjeza kuti ndigule tikiti yeniyeni, ndisadalire yaulere. Ine ndi makani anga ndinati zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikugawa khofi m'ndegezi, mpando ungandisowe bwanji, mu Febuluwale muno? Lero ndafika, ndapeza timu yonse ya masewero a hockey ya sekondale ndi makolo awo.

Paja antchitofe timakwera ulere pokhapokha mpando ukatsala, ndipo timatsatana pamndandanda. Koma ife a kampani yaing'ono ndife ana opeza. Utoto wa ndege ndi wa kampani yaikulu, yunifolomu ndi yomweyo, komabe munthu wa ku yaikulu, ngakhale wopuma pantchito, amalembedwa patsogolo pathu m'ndege yathu yomwe. Zimenezi zimandinyansa chiyambire ntchito.

Loretta, mnzanga woitana anthu pakhomo lokwerera, anandikodola.

"Mkazi iwe, mpando watsala umodzi, ndiye si wako. Kwabwera bwana wa ku yaikulu."

Ananditembenuzira kompyuta. Pamndandanda amalemba zilembo zitatu za dzina la makolo ndi chimodzi cha dzina loyamba. Pansi panali ine, RID/G. Pamwamba panga, RID/A.

"M'bale wako?" anatero Loretta. "A Rideout mwachuluka ngati udzudzu wa kuno mu Julaye."

Mkwiyo unathera pomwepo, chidwi n'kundigwira. Rideout wa kuti amene sindimudziwa, wa kampani yaikulu, kumudzi ngati kuno? Ndinayamba kuunguza nkhope imodzi imodzi. Pakona panakhala mkulu wina waimvi, atavala jekete lakale la amakaniko, suti ili m'pepala la pulasitiki pamiyendo. Makutu ako aja, Corinne, otambalala aja tinkakuseka nawo! Ndipo anafumbata chala chachikulu m'dzanja monga umachitira iwe ukamaopa.

Ndinabisa khadi langa la ntchito m'malaya n'kukakhala pambali pawo.

"Wakuti ulendowu, achikulire?"

"Ku Halifax, mayi. Kuukwati wa mwana wanga wamng'ono. Sanandiitane ayi, ndamvera kwa mlongo wanga. Ndikangoima kumbuyo kwa tchalitchi, ndione nkhope yake, basi ndibwerere."

"Mumakhala konkuno?"

"Ku North West River, pafupi pompano, chaka chachitatu chino. Ndinamva kuti mkulu wake amagwira ntchito m'tindege timeneti. Ndakwera kangapo, kungopita ndi kubwerera, kuti mwina ndimuone. Kaya ndinamuona osamudziwa. Ndinamusiya ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, m'mene kampani yaikulu inandiitana ku Montreal."

Mng'ono wanga, zaka makumi atatu ndakhala ndikusunga mafunso oti ndidzawafunse bambo athu. Bwanji sanabwere kudzatitenga monga analonjeza? Maliro a amayi anawamva? Lero munthu ali pambali panga, sindinafunse ngakhale limodzi. Ndinkangoyang'ana manja awo, n'kumadzifunsa kuti kodi ndinawapatsapo khofi manja amenewa?

Kenako Loretta anaitana pa chimkuzamawu, "A Rideout, fikani kuno!"

Tinaimirira tonse awiri.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, suti ija n'kutsetserekera pansi.

"Glenda?"

Ndinangogwedeza mutu kuvomera. Sanayese kundikumbatira, ndipo anachita bwino. Anapita kwa Loretta.

"Mayi, fufutani dzina langa. Akwere mwanayu."

"Bambo, malamulo akuti mpando ndi wanu," anatero Loretta.

"Malamulo ake ati? Ine kusowa ndinazolowera, iwonso anandizolowera."

"Ndiye gwirizanani msanga anthu inu. Msewu ukangoyera, woyendetsa sadikira milandu ya m'banja."

Ndisakunamize, mpandowo ndinaufuna ndi mtima wonse. Ndinakulonjeza kuti mawa ndidzakugwira mkono kukuperekeza kuguwa, ndipo nsapato zatsopano zili m'chikwama muno. Sindinawakhululukirenso ayi, usaganize choncho. Koma ine ndinakhala nawo zaka khumi ndi chimodzi. Ndimadziwa kuseka kwawo, ndimadziwa nyimbo imene ankaimba pometa ndevu. Iwe unali ndi zaka ziwiri, uli ndi chithunzi chimodzi chokha, ndipo kuyambira uli wamng'ono sunasiye kundifunsa kuti anali munthu wotani. Mayankho anga anatha kalekale.

Choncho amene wakupatsa kalatayi ndi a Ambrose Rideout, bambo athu. Ndawauza kuti asakabisale kumbuyo kwa tchalitchi ngati wakuba, akagogode pakhomo pako lero lomwe. Foni ndaiopa, ndikanangolira osalankhula zomveka. Ukawabweza pakhomopo sindidzakunena, ndi ufulu wako, ndipo amalume a Cyril akhoza kukuperekeza. Koma ukawalowetsa, uwafunse zonse zimene ine ndalephera kufunsa, udzandiuze osasiyako kanthu.

Ndege ya mawa imafika tchalitchi atatuluka kale. Loretta walumbira kuti andikweza ngakhale m'chipinda cha katundu, ndiye mundisungire mbale ndi nyimbo imodzi yovina.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Declan, uwauze kuti akakuliza adzaonana ndi ine. Moni kwa amalume, ndi kwa azakhali a Philomena a pakamwa posasunga chinsinsi. Ndipo iwe, kamwana kanga, ukayende pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba. Pepa.

Ine mkulu wako, amene sanasowepo pa tsiku lako lililonse mpaka lero,
Glenda