Dzina langa mulibe m'lipoti

Okondedwa Azakhali Bahiya,

Wandilakwira ndi Midhat, mwamuna wanga yemwe. Kupatula apo, kuno ku Asyut tili bwino, ndipo amayi akupereka moni.

Paja yunivesite inamupatsa kandalama kofufuzira madzi a m'zitsime. Azimayi akumidzi sankalola kulankhula ndi mwamuna wachilendo, choncho m'nyumba zawo ndinkalowa ine, miyezi isanu, ndikulemba zonse. Lipoti latuluka ndipo amukweza pantchito. Wathokozamo Nermin, mkazi amene amaphunzitsa naye, koma dzina langa mulibe.

Nditamufunsa anati, "Iwenso Rawiya, wa sekondale nkulembedwa pamodzi ndi ophunzira?"

Ndinati, "Pogogoda m'makomo muja simunandifunse digiri, Adokotala."

Sindinalire. Kumsonkhano wa lipotilo ku Cairo apita awiri, iye ndi Nermin. Zovala zanga ndazibweretsa kwa amayi. Nkhaniyi sindidzaitchulanso.

Ndine mwana wanu,
Rawiya