Mmene Tinawolotsera Priska pa Boti la Mgiriki

Bangula,
February 1987

Okondedwa Ababa,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi Amama, ndi onse kwathu kwa Kasisi. Kodi msana uja unakulekani? Ine kuno ndili moyo, Mulungu akundisungabe. Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndawapatsa pamanja a Lazaro akatekisiti, ndipo ndawapempha kuti akuwerengereni muli awiri ndi Amama, pasakhale wina.

Ndiyambe ndi chimene mitima yanu ikufuna kumva. Mlongo wanga Priska ali moyo. Ali kuno kwa ine ndi ana ake onse, Anna ndi kakhanda kamene simunakaonepo. Amuna ake, alamu a Lorenso, tinawoloka nawonso, koma ali m'chipatala. Lekani ndifotokoze mmene zinayendera.

Sabata yatha kunabwera mayi wina dzina lake Estere, wa mudzi umene Priska anakwatiwako kutsidya kwa Shire. Anandipeza kuntchito miyendo yake ili zilonda zokhazokha. Anati anthu a mfuti anatentha mudzi wawo, otsala n'kuthawira pa kachilumba ka m'mabango kumunsi kwa Chiromo. Iyeyo anawoloka atakumbatira thunthu la nthochi. Anati Priska ali komweko, ana akudya mizu ya nyika yosaphika chifukwa moto sangakoleze poopa kuti utsi ungawaulule, ndipo madzi akukwera tsiku ndi tsiku.

Ndinathamangira kudooko kukapempha eni mabwato. Onse anakana. Anati mbali yathu kumeneko ndi dambo lokhalokha lopanda pokocheza, ndiye munthu ayenera kubwerera chokwera mtsinje wodzaza, akuyenda ngati nkhono pamaso pa mfuti. Mnzawo wina anamuwombera mwezi watha nkhafi ili m'manja. Sindinawaone kulakwa.

Mukumbuka ndinakuuzanipo kuti bwana wanga, Mgiriki wogula thonje uja, ali ndi boti lakale m'shedi. Ndi lija ankasewera nalo akali ndi mphamvu, kukoka anzake pa chingwe ataimirira pa timatabwa pamwamba pa madzi. Liwiro lili nalo, ndipo injini yake ndimaidzutsa nthawi ndi nthawi kuti isafe. Vuto lake linali sayilensa, chitini chimene utsi wa injini umadutsamo pamodzi ndi madzi otentha usanatulukire kumbuyo. Chitinicho ndicho chimameza phokoso. Chathucho chinadyeka ndi dzimbiri moti chala chimalowa. Ukaliza injini boti limalira mpaka agalu a ku Chiromo kuyankha, ndipo madzi oyenera kutayikira mumtsinje amakhuthukira m'boti momwemo.

Ndinawauza bwana zonse osabisa. Anasisita ndevu. Kenako anati sayilensa yatsopano ingachokere ku Joni kokha, patapita miyezi. Anatinso boti lawo likapezeka kutsidya kwa malire, iwo adzawapitikitsa m'dziko muno, ine n'kunditsekera popanda mlandu kuzengedwa. Potsiriza anati mawa lake akupita ku Blantyre, makiyi a shedi amakhala pa msomali, ndipo iwo sanamve kanthu.

Ndinapita kwa mnzanga Paulo, wowotcherera zitsulo pamsika pano. Sanafunse zambiri, chifukwa nayenso ali ndi abale kutsidyako. Tinapeza botolo lachitsulo lozimitsira moto lotha ntchito. Paulo analidula uku ndi uku, n'kuika mkati mwake zitsulo zoboolaboola kuti utsi uzikhotakhota, kenako n'kuwotchererapo timapaipi. Polumikiza ndi injini tinatenga paipi yamphira ya pa thirakitala. Kilampu yomangira tinapeza imodzi yokha. Mbali inayo tinakulunga ndi malegeni n'kumanga ndi waya.

Titayesa koyamba madzi anatulukira pamsoko, tinamasulanso zonse. Tsiku lonse linathera pamenepo, ine mtima uli kuchilumba. Tikuyesa kachiwiri anatulukira anyamata a chipani. Anafuna makadi a chipanicho, tinawaonetsa. Anafunsa chifukwa chimene tikudzutsira boti masiku oipa ano, ndinati bwana akufuna kuligulitsa. Wamkulu wawo anayang'anitsitsa zigubu za petulo zimene ndinaika pakona, kenako anandiyang'ana ine. Anangoti tidzaonana, n'kutuluka. Atapita tinabwerera pa injini.

Kachiwiriko chinagwira. Injini inangoti ng'urung'uru pansipansi, munthu ali kuseri kwa shedi osaimva.

Tinanyamuka m'mawa mwake, ine ndi Paulo, mvula ikugwa yamphamvu. Estere anali atatiuza kuti tikaone mgwalangwa wothyoka mutu, chilumba chili pafupi nawo. Tinatsika ndi madzi injini ili pang'ono, osalankhulana. Titalowa m'mabango sitinaone munthu. Ndinaitana dzina la Anna motsitsa mawu, mabango n'kuyamba kugwedera.

Ababa, mwana wanu Priska sindinamuzindikire msanga. Waonda, maso alowa mkati. Madzi anali atawafika m'maondo, khanda ali nalo paphewa. Sanalire, anangondigwira malaya. Koma sanali okha. Panali agogo ena osaona bwino, ndi amayi ena a ana kumsana. Ine ndinati boti silingathe onsewo, ndibweranso. Alamu anandiyankha kuti tonse tikudziwa kuti ulendo wachiwiri sudzakhalapo, ndipo ngati wina atsale atsala iwo. Tinakweza onse. Boti linamira mpaka madzi kutsala pang'ono kufika pamilomo pake.

Tsoka silinunkha. Titatuluka m'mabango n'kuyang'ana kumtunda, madzi anatikankha, boti osasuntha. Ndinawonjezera moto. Pomwepo mbali ija tinamanga ndi waya inafwamphuka. Phokoso lake linali ngati thambo lang'ambika. Utsi unadzaza, madzi otentha akukhuthukira kumapazi kwa ana. Tisanapume n'komwe tinamva anthu akufuula kugombe la kutsidya, kenako mfuti.

Kuzimitsa injini sikukanatheka, mtsinje ukanatipereka m'manja mwawo. Chiwongolero sindikanachisiya. Paulo anali akukapa madzi ndi ndowa, koma olowa anali ambiri kuposa otuluka. Ndinaona alamu akuvula malaya. Anatukula chivundikiro cha injini, anagona chamimba m'madzi otenthawo, anakulunga paipi ija ndi malayawo n'kuikankhira pamalo pake. Ndiye anaigwira ndi manja awiri, nkhope ili mu utsi.

Phokoso linatsika. Madzi analeka kulowa. Chipolopolo chimodzi chinaboola thabwa la kutsogolo, koma sichinakhudze munthu, ndipo mvula inatibisa. Amene ankawombera aja sanadziwenso kumene talowera. Ndinafuulira alamu kuti asinthane ndi Paulo, iwo anangopukusa mutu, poti akanangotayako pang'ono paipi ikanachokanso. Priska anawagwira miyendo kuti asaterereke. Tinayenda choncho mtunda wonse mpaka kudooko lathu.

Nditazimitsa injini sanadzuke. Utsi unali utawakomola. Zala zawo tinachita kuzitanyula chimodzichimodzi, ndipo khungu la m'manja linatsalira pa malaya. Tinawanyamula pa chitseko mpaka kuchipatala. Anatsitsimuka tsiku lotsatira, ndipo choyamba kufunsa chinali chakuti kodi ana sanapse mapazi. Adokotala ati moyo ulipo, manja adzapola, koma khasu sagwira chaka chino, mwinanso chaka chamawa. Pakali pano Priska ndiye akuwadyetsa ndi kuwamwetsa ngati mwana.

Ine apolisi anandiitana, ndinakhalako tsiku lathunthu. Ndinati ndimayesa boti ndipo ndinapeza anthu akumira. Bwana atabwera ananena chimodzimodzi, ngakhale kunyumba sanandilankhule mpaka lero. Boti apolisiwo alimanga ndi unyolo. Andiuza kuti ndisachoke pa Bangula mpaka adzandiitanenso, n'chifukwa chake sindinabwere ndekha kudzagwada pamaso panu.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Onse ochokera kutsidya akuwatengera ku msasa wa othawa nkhondo, ndipo galimoto ibwera Lolemba likudzali. Priska ndi wobadwira kuno, sakumukakamiza. Koma alamu awatenga, pokhapokha mwini mbumba, amene ndi inuyo, atabwera yekha kudzanena kuti uyu ndi mkamwini wanga, ndikamusunga pakhomo panga. Mawu anga akana, ati ndine mwana komanso nkhani yanga sinathe. Priska wanena kuti amuna ake akakwera galimotoyo iyenso akwera ndi ana, chifukwa munthu wopanda manja sangalimbirane chakudya pamzere. Kumsasako anthu athithikana, ndipo matenda otsegula m'mimba akutenga ana. Khanda lija silingapirire.

Ndikudziwa, Ababa, kuti tsiku limene alamu anatenga Priska kupita naye kwawo m'malo momanga nyumba pakhomo panu, munalumbira pamaso pa anthu kuti phazi lawo lisadzapondenso pabwalo lanu. Sindikuti munalakwa, ndipo ine sindine woti ndingakuphunzitseni. Ndangokuuzani zimene maso anga anaona. Chonde bwerani lisanafike Lolemba. A Lazaro akubwerera kuno Loweruka, mukhoza kutsagana nawo.

Mundiperekere moni kwa Amama, muwauze kuti mdzukulu wawo wamng'ono akuyamwa bwino tsopano. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa achimwene ndi alamu akunyumba kwawo, ndi kwa adzukulu onse. Priska akuti takhuta, zikomo kwambiri, kwa Mulungu ndi kwa inu amene munamubala, mawu ena adzanena yekha.

Dzulo ndinawauza alamu kuti ndikukulemberani. Anandiletsa kutchula za msasa, anati munthu wamkulu sakakamizidwa kumeza mawu ake chifukwa cha zilonda za wina. Anangopempha kuti ndikupatseni moni, ndiponso kuti muwakhululukire, chifukwa mukadzafika sadzatha kukuwomberani m'manja monga ayenera mkamwini.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mwana wanu,
Hilario