Chimbale Chochokera ku Kitwe

Mchinji Boma,
21 Ogasiti 1977.

Okondedwa achimwene Cyprian,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi anzanu a bandi ya Malasha. Kuno tili bwino, mphepo ya Ogasiti yokha ndiyo ikutidyetsa fumbi. Kusukulu ndikadali ndi Sitandade 6, ndipo ana a chaka chino ndi ogona kuposa aja munawasiya. Kalatayi sindiponya pa positi ya kuno. Mayi Keziya, aja amapita ku Chipata kukaona ana awo, akaiponya kumeneko, choncho ndilemba momasuka.

Chimbale chanu chinafika. Mayi omwewo ndiwo anabwera nacho, atachikulunga m'zitenje pansi pa dengu la nyemba. Akuti podutsa pamalire mtima unali phaphapha, ndipo nditaona chikuto ndinamvetsa chifukwa chake. Achimwene, tsitsi limenelo! Nanga buluku lotambalala m'munsi ngati siketilo! Kuno simungayende nalo kuchokera pa depoti kukafika pamsika. Anyamata a malaya ofiira aja anakumetani ndi lumo lobuntha anthu akuonerera, mpaka inu kulumbira kuti mukuchoka, akadalipo ndithu. Chikutocho ndachibisa pansi pa mulu wa makope osachonga, kumene palibe munthu angafune kugwirako.

Galamafoni ndinabwereka kwa a Austin a ku ofesi ya zaulimi, ija ya mabatire sikisi. Loweruka la sabata yatha masana ndinatseka mawindo, n'kutsitsa singano.

Ndinene zoona, poyamba ndinayesa kuti sipika yawo yang'ambika. Gitala yanu inalowa ikukalipa, mawu ake okhakhala ngati macheka akudya mlombwa wouma. Kenaka ndinazindikira kuti ndi dala, ndi kabokosi kopondera ndi phazi kaja munkakasirira m'magazini. Nyimbo yoyamba, "Msewu wa Kum'mawa", ndaimva kasanu ndi kawiri. Wa ng'oma wanuyo ndi katswiri, koma amathamanga. Pofika pakati amakusiyani nonse m'mbuyo, inu n'kumamutsatira wefuwefu. Wa gitala ya besi ndilibe naye mawu, mwina ndi nsanje. Nyimbo ziwiri za Chingerezi zija sizinandigwire mtima kwenikweni, pakuti mukamayimba Chingerezi mumamveka ngati munthu woyenda ndi nsapato zobwereka. Koma yotsekera mbali yoyamba, yoyenda pang'onopang'ono ija, pamene mumakoka nsambo imodzi mpaka ilire ngati munthu, bandi yonse n'kukhala zii kuidikira, pamenepo ndinadzuka pampando.

Ndinaizindikira. Ndi kanyimbo kaja tinkakayesa kuseri kwa holo, inu ndi gitala ya chigubu cha mafuta, ine ndi besi ya waya wa buleki ya njinga, tikukuzira mawu m'wailesi yakale ya malemu bambo anu. Nditayang'ana pachikuto ndinapeza kuti pansi pa dzina la nyimboyo mwalemba "C. Zulu ndi T. Mbewe". Mukanapanda kulemba, palibe akanadziwa. Ndinakhala nthawi yaitali chala chili pa dzina langalo. Zikomo, achimwene. Koma kukoma mtima kwanuko ndiko kukundilemeretsa dzanja polemba zotsalazi.

M'kakalata kamene munaika m'chikutomo munapempha zinthu ziwiri. Choyamba, kuti ndibwere ku Kitwe ndidzalowe m'malo mwa wa besi amene akuchoka mu Disembala. Chachiwiri, kuti nyimbo yotsegulira mbali yachiwiri, ija mwaitcha "Consolata", ndimuikire mwini dzinayo amve, ndipo ndikuuzeni mmene nkhope yake inaonekera.

Chachiwiricho ndinachita. Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi Consolata anadzera kunyumba kuno asanapite kuntchito kuchipatala, atavala kale yunifolomu poti anali wa masana. Ndinati, "Pali uthenga wanu wochokera ku Zambia." Anakhala pampando wa pafupi ndi khomo, manja ali pamiyendo.

Nyimbo ija munaiyimba bwino, musakayike. M'menemo gitala sikalipa, imangodandaula. Anamvetsera mawu onse, za mtsikana wa diresi lobiriwira ataima pa depoti, basi ikunyamuka, ndi lonjezo lanu loti mvula isanagwe kawiri mudzabwera kudzamutenga. Sanalire. Itatha anangoti, "Bwerezani." Ndinabwereza.

"Imeneyi anthu amavina?" anafunsa.

Ndinati mwina amangogwirana awiriawiri n'kumagwedezeka. Anaseka pang'ono.

"Mtsikana ameneyo ndikumumvera chisoni," anatero. "Koma diresi limenelo ndinang'amba kalekale, linakhala matewera a mwana wa achemwali."

Atafika pakhomo anatembenuka. "A Timoteyo, mulembe ndinu. Sabata ino ikatha musanalembe, ndilemba ndine, ndipo ine kuzungulira sindikudziwa."

Sabatayo ikutha lero, ndipo ndazungulira mokwanira. Achimwene, ine ndi Consolata tikumanga banja. Ankhoswe anakumana kale mu Juni, ndipo ukwati adzadalitsa pa 8 Okutobala.

Sindikufuna kudziyeretsa. Tsiku munkakwera basi munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Muzindionerako ameneyu," ndipo zaka ziwiri zoyamba ndinachita zomwezo basi. Ndinkamupatsira makalata anu, atatu aja. Mvula inagwa kawiri, kenaka katatu. Chaka chatha bambo ake atadwala ku Mavwere ndinkamukweza pa njinga Loweruka lililonse kupita kukawaona, ndipo atamwalira ndinali mmodzi wa onyamula bokosi. Tinakulemberani za malirowo. Mwina kalata inasochera, mwina munali paulendo ndi bandi. Sindikukuimbani mlandu ayi. Ndikungonena kuti msewu wa ku Mavwere ndi wautali, ndipo anthu awiri sangauyende miyezi isanu ndi umodzi osacheza.

Tsiku limene ndinazindikira za mumtima mwanga, ndinayenera kukulemberani lomwelo. Ndinayamba makalata anayi, onse anathera pambaula. Pamenepo ndinalakwa poyera, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire. Pa zinazo sindikudziwa kuti ndipepese bwanji, chifukwa ndikati ndikanakonda zikanapanda kuchitika, ndikhala ndikukunamizani.

Yankho la pempho loyamba lija mwaliona nokha. Sindibisa, nditamva chimbalecho zala zanga zinayamba kuyenda zokha pathebulo, ndipo tsiku lonse lathunthu mtima wanga unali ku Kitwe. Ndinadziona nditaima kumanzere kwanu monga kale, tikuyang'anana nyimbo ikamakhota. Koma zala zimenezi zazolowera choko. Pezani munthu wa kumeneko, wodekha, woti azimugwira mwendo wa ng'omayo asamathamange.

Dzulo ndinamanga galamafoni pa kaliyala wa njinga n'kupita ku Kapondo kwa amayi anu. Anthu anadzaza pabwalo mpaka ena kuimirira kuseri kwa nkhokwe. Amayi anamva mbali zonse ziwiri, kenaka anafunsa kuti, "Chikulirachi n'chiyani?"

Ndinati, "Ndi gitala ya Cyprian, amayi."

"Nanga akudya bwino kumeneko?"

Chithunzi cha pachikuto ndinakawaonetsera m'nyumba. Anachiyandikiza kumaso, nati mwaonda, koma tsitsilo mwatengera agogo anu aamuna. Za ine ndi Consolata ndinayamba kufotokoza mochita kufunafuna mawu, iwo n'kundidula. "Ndili ndi maso, mwanawe. Ndinaona kale pa maliro paja. Koma mnzakoyo umuuze wekha, asamve kwa oyenda m'njira."

Ndasiyira pomwepa. Amayi anu akupereka moni, akuti mubwere adzakuoneni mvula isanayambe, ine ndikungoonjeza kuti mukadzafika pa Chipata mudzayambe mwalowa kometa. A Austin akupereka moni, akuti mwatchukitsa Mchinji. Moni kwa anzanu onse a bandi, ngakhale wa besiyo.

Consolata ndamufunsa ngati ali ndi mawu. Wati ndilembe ndendende chonchi: "Muwauze kuti ndinadikira ndi mtima wonse, ndipo sindikunong'oneza bondo. Nyimboyo asaisiye, asasinthenso dzina. Koma yotsatirayo ayimbire munthu amene ali naye pafupi."

Mukasankha kukhala chete ndidzamva, ndipo sindidzakuvutitsani ndi kalata ina. Mukafuna kuyankha, ngakhale ndi mawu owawa, lembani. Tidzawerenga tili awiri.

Ndine mnzanu, ngati mukundilolabe kudzitcha choncho,

Timoteyo Mbewe