Chitsulo Chanu Choloza Kumwamba Tachizula

Amuna anga, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, ndipo mtima wanga sunaphwe. Munthu wamkulu ngati inu kukwera phiri mvula ili pakati, chifuwa chikukuvutani, ati kukakhuthula madzi m'zitsulo za ku ntchito! Ndinakuletsani. Munangoseka n'kuvala majombo.

Sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma zomwe munkandiuza ndinazimva. Munkati setilaiti ikamadutsa kumwamba imaponya mafunde pansi n'kumvetsera akamabwerera, ndipo imaona ngakhale kuli mitambo. Madzi amatuluka akuda pachithunzi, koma chitsulo cha makona atatu chimene munakhazika kuseri kwa nyumba yathu chimawala mbee. Nthaka ikatsika pang'ono ngati chikhadabo, a ku ofesi amadziwa, kuti achenjeze okhala kumunsi kwathu phiri lisanagumuke. N'chifukwa chake simunkalola kuti munthu achigwedeze. Ana akayanikapo nsapato munkakalipa mpaka kuchita chibwibwi. Oyandikana nawo ankati mwagula mbale ya TV yosagwira tchanelo, inu n'kumaseka mpaka kutsokomola.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuchipukuta, kuchotsamo masamba ndi zitosi za mbalame, uku ndikukutukwanani. Koma mwezi wathawu ndagulitsa malo akuseri aja. Denga limadontha ponseponse, ndipo munandisiyira ana, osati chitsulo chokha. Wogulayo akufuna kumangapo. Mabawuti ndamasula ndekha, ndi sipanala yanu.

Mnzanu wamtali wa ku ntchito uja anabwera kudzachitenga. Anandiuza kuti akakachikhazika kwina ayambiranso poyambirira, muyeso wa zaka zonse zija wadukira pomwepo. Ndinamufunsa ngati nyumba za kumunsi kwa phiri zili bwino. Anati pakadali pano sangadziwe msanga. Kenaka anandithokoza chifukwa chochisamala. Bola akanandilalatira! Tsopano mvula ikayamba ndimaima pakhomo kuyang'ana madenga a anzanga kumunsi kuja, chakudya osalowa.

Mwana wanu woyamba sakundilankhula bwinobwino. Wamng'ono amapitabe kukakhala pa simenti pomwe zatsala zibowo zinayi. Mayi anu ndi achemwali anu akulirabe, ndipo sanandifunse kanthu, zomwe zikundipweteka koposa.

Mundikhululukire, bambo a ana anga, ngakhale ineyo za phiri zija sindinakukhululukireni.

Kukuiwalani ndiye ayi, ngakhale nditafuna.

Mkazi wanu, ana anu ndi abale onse